Chala Chimodzi ndi Kachipewa ka Ŵ

Makolo amene ananena kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe ayenera kuti anailota kompyuta. Ndavomereza zimenezi posachedwapa nditaona mtsikana wotayipa makalata m'tauni akutuluka thukuta pofuna kulemba "Malaŵi" ndi kachipewa kake pamwamba pa w.

Kiyibodi tikugwiritsa ntchitoyi inabadwira ku America m'zaka za m'ma 1870, ndipo eni ake sanatifunse. Q ndi X, zilembo zimene Chichewa sichizifuna n'komwe, zili ndi mabatani akeake, Q mpaka kukhala kutsogolo kwenikweni. Koma ŵ alibe pokhala. Kuti aoneke mu Microsoft Word, chala chakumanzere chipanikize Alt osasiya, chakumanja chidinde 0373 pa manambala a kumbali aja. Mukasiya Alt msanga, basi, kayambireninso. Mukayesa nambala yomweyo m'mapulogalamu ena mumangotuluka u wamba, dziko n'kusanduka "Malaui".

Malaputopu ambiri alibenso manambala a kumbaliwo. Pamenepo mu Word mumalemba 0175, n'kudina Alt ndi X pamodzi. X yemwe uja, mlendo, ndiye wotitsekulira pakhomo! Nayenso ali ndi khalidwe lake: a womaliza wa "Mala" amamuwerengera limodzi ndi nambalayo, ndiye muyenera kulemba U+0175 kuti zisasokonekere. Ena anatopa nazo kalekale. Amakamusaka ŵ pa intaneti, kumukopera, n'kumusunga m'kafayilo kakekake kuti azimutapa akamufuna.

Pa foni ndiye mwambiwu umachita manyazi. Pa iPhone mumangopanikiza w osachotsa chala, ŵ n'kutulukira yekha. Nsabwe yaswedwa ndi chala chimodzi, dzanja linalo likutema nsima. Kaya anatiganizira ife, kaya anthu a ku Wales omwe nawonso ali ndi ŵ m'chinenero chawo, ife tangodyera nawo.

Komatu sizonse zoseketsa. Mchewa akasiya kachipewako amamvekabe, ndipo ambirife tinakasiya. Nanga Mtumbuka wolemba "ŵana" ndi "ŵanthu", amene amakumana nako pafupifupi mzere uliwonse? Ine sindidandaula chilembo chikatha chifukwa pakamwa panachisiya. Chimandiwawa n'chakuti ichi chikutha chifukwa zala zatopa.

Inu aphunzitsi a kompyuta, tsiku lomwe mukuonetsa ana pamene pali @, aonetseninso U+0175 ndi Alt X.