Woyimba Afika Liti?

(Usiku ku Belmont, mumzinda wa Bulawayo, kuseri kwa fakitale ya nsalu imene inatsekedwa. Piyano ikulira. Wina akumenya chitseko cha lata.)

ANAPHIRI: Odi, Abanda! Kodi woyimba wanuyo afika liti? Chiyambire 8 koloko tikungomudikirira.

ABANDA: Mulibe woyimba, mayi. Ameneyu ndi Abdullah Ibrahim wa ku Cape Town. Chimbale chake cha mu 2008, chotchedwa Senzo. Piyano yokhayokha.

ANAPHIRI: Ndiye anakugulitsani nsima yopanda ndiwo, inu n'kulipira?

ABANDA: Nyimbo zotere munthu umamvera utatsinzina, n'kulowa mumtima mwako. Ine pano ndikudzifunafuna, Anaphiri.

ANAPHIRI: Mwasowa liti? Si inu ndakuonani masana mukukazinga mazira ndi mafuta anga? Komanso mlonda wanji wotsinzina? Mbava zizule mawaya inu muli mumtima?

ABANDA: Musaseke. Mkuluyu anabadwa mu 1934, ankatchedwa Dollar Brand. Mu 1968 analowa Chisilamu n'kusiya dzinalo. Senzo ndi dzina la bambo ake, amene anamwalira iye ali kamwana. Munthu waimvi mbuu, koma akuitanabe bambo ake pa piyano!

ANAPHIRI: Dzina la Dollar n'kulitaya? Sanakhaleko ku Zimbabwe ameneyo.

ABANDA: Tamverani. Ine bambo anga anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya kudzagwira ntchito ku njanji, n'kukhala ku Sizinda uko. Ine mchombo wanga unagwera konkuno, koma chitupa chinkati ndine mlendo, mpaka malamulo atsopano a dziko a mu 2013 ndiwo anatikumbukira. Ndikayankhula Chindebele amati, Mnyasalandi uyo. Ndikapita ku Dedza amati, mtchona wabwera, watitengera chiyani? Piyanoyi yokha ndiyo siindifunsa kwathu.

ANAPHIRI: (motsitsa mawu) Mmm. Zachitupazo nanenso ndinazilawa, ndinaima pamzere mpaka miyendo kutupa. (mokweza) Koma sindinasowetse anzanga tulo! Ngati mukufuna yopanda mawu, ilipo ya konkuno ku Bulawayo: Skokiaan ya August Musarurwa ndi gulu lake la ku Cold Storage. Zoimbira zokhazokha, koma mpaka Louis Armstrong ku America anaiimba mu 1954. Agogo anga ankaivina fumbi koboo!

ABANDA: Imeneyo ndi nyimbo ya kumowa, mowa wake woletsedwa n'kale!

ANAPHIRI: Eya, ndipo anthu ake sankasowa ngati inu. M'mawa tinkawapeza bwinobwino m'ngalande.

ABANDA: Vuto lanu simudziwa kukhala chete. Tamverani apa, dzanja lamanzere likuyenda pang'onopang'ono, lamanja likuyankha...

ANAPHIRI: Waima. Waiwala nyimbo?

ABANDA: Akupuma dala! Pomwepo ndiye pofunika kulingalira.

(Piyano ikuyambiranso, kenako phwii! Kwada bii.)

ANAPHIRI: Apanso akupuma dala?

ABANDA: Iii... mayunitsi aja atha.

ANAPHIRI: Mayunitsi amene ndagula ine Lolemba! Mita ndi imodzi, Abanda. Mawa 5 koloko ndiphikira pati nsima ya anyamata a m'mafakitale?

ABANDA: Pepani, achemwali anga. Tandibwerekaniko kandulo, sindikuona nsapato.

ANAPHIRI: Lero ndasanduka achemwali? Kandulo ndi dola imodzi.

ABANDA: Dola ndilibe.

ANAPHIRI: Kafunseni mnzanu wa ku Cape Town uja kuti yake anaitaya pati.