Tayala la atsibweni ndi anzake

Kwathu kuno ku Kapelula, munthu amene wagulitsa fodya sitichita kumufunsa. Timangoyang'ana matayala a njinga yake yamoto. Akakhala akuda bii, tiubweya ta mphira tidakali njoo, ndiye kuti mabelo ayenda bwino ku Chinkhoma. Akakhala osalala ngati dazi la agogo, musayerekeze kumupempha ngongole, mungatukwanidwe ulele.

Atsibweni anga fodya wawo anayenda bwino chaka chatha. Tsiku lomwe ndalama zinalowa anadzukira pa boma pa Kasungu kukasaka tayala lakumbuyo. Mnyamata wa m'sitolo anawatulutsira awiri, lina lolembedwa 3.00-18, lina 3.00-17. La 17 linali lotsikirako mtengo pang'ono.

"Ndipatseni la 17lo, achimwene," anatero atsibweni. "Kusiyana kwake ndi 1 basi. Ine nditaye ndalama chifukwa cha 1?"

Atafika kuno, makaniko wathu wa pansi pa mtengo wa mango analimbana nalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Anapaka sopo, anatokosa ndi zitsulo, anaitana anzake awiri kuti apondere. Thukuta kamukamu, tayala ayi ndithu.

"Bambo, nambala yomalizayi ndi kukula kwa limu, m'mainchi. Limu yanu ndi ya 18."

"Ndiye likokeni! Si mphira imeneyi?"

"M'mphepetemu muli waya, bambo. Waya sakokeka."

Kubweza kunakanika, paja pakhoma la sitolo panalembedwa kale kuti katundu akatuluka sabwerera. Akazi awo analidula pakati. Lero abakha a pakhomo paja amamwera madzi m'chiwiya chodula kuposa cha abakha ena onse m'dera la mfumu yayikulu Kapelula.

Ulendo wachiwiri anatenga mdzukulu wawo wa Fomu 2 kuti akawathandize kuwerenga. Wogulitsa wina anawakokera pambali nawanong'oneza kuti ali ndi tayala latsopano, losapondapo pansi, pa theka la mtengo. Kamwana kaja kanalitembenuza, nkupeza manambala anayi ali m'kabokosi pambali pa tayala: 2316. Atsibweni anamwetulira poyesa kuti ndi mtengo. Kamwana kanati ayi, manambala awiri oyambawo ndi sabata, awiri omalizawo ndi chaka, kotero tayalalo linaumbidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Katalipinda pang'ono, timing'alu tinaoneka mbali yonse ngati chidendene cha mlimi mwezi wa Okutobala.

"Koma silinayendepo!" wogulitsa analumbira.

"Nawonso agogo aakazi sanayendepo kupitirira pa Chamama," kanatero kamwana, "koma mano anatha."

Atsibweni anakatsina khutu chifukwa cha mwano, kenako anakagulira fanta.

Pali wina wa kabaza amene sindimutchula dzina chifukwa amandinyamula pa ngongole. Iyeyu anagula tayala la kaunjika pa tsiku la msika, lakuda lonyezimira, mizere yake yakuya ngati yolimira chimanga. Mvula yoyamba itagwa, kuda kuja kunatsalira m'chithaphwi, poti anali polishi wa nsapato. Mizere ija nayo inali yochita kusema ndi kampeni kotentha pa tayala lotha kale, moti pansi pake ulusi unkachita kusuzumira. Linaphulika pa dambo, atanyamula mayi wina ndi dengu la tomato. Phuu! Mayi uko, dengu uko, tomato mbwee m'matope.

Mayi uja anadzuka, nakung'untha chitenje, nati: "Achimwene, ine ndinalipira mpaka kumsika. Msika wake ndi uno?"

Tsiku limenelo wa kabaza anagula tomato yense, wophwanyika ndi wabwino yemwe. Akuti kunyumba kwake anadya ndiwo zofiira sabata yathunthu.

Tisawaseke kwambiri anthuwa, paja kufuna zotchipa si matenda. Matayala onsewa amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi madola. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo za njinga inachita kudumpha mpanda. Ukafunsa mtengo Lolemba, kukatenga ndalama, kubwera Lachitatu, mnyamata amangoti, "Uja unali wa Lolemba, bwana." Fodya nayenso amagulitsidwa m'madola, inde, koma kamodzi pa chaka. Tayala limatha mwezi uliwonse umene lafuna, makamaka Febuluwale, m'thumba muli mphepo yokhayokha.

Febuluwale yemweyo ndi amene anaphunzitsa alamu anga luso. Chubu chawo chinali ndi zigamba zambiri moti womata ankasowa pomata, chigamba chatsopano chinkakwera pamsana pa chinzake. Tsiku lina chinang'ambika pa valavu ali pakati pa tchire. Iwo osataya mtima, anazula udzu, kupakira m'tayala mpaka kulimba, ulendo nkupitirira pang'onopang'ono. Atafika pakhomo nkuimika njinga, mbuzi zitatu zinayamba kulimbirana tayala lakumbuyo. Mlongo wanga anatuluka m'khitchini nati, "Bambo a mwana, kodi mwayamba kudyetsera ziweto pa limu?" Chubu chija sichinatayidwe, anachidula malegeni omangira katundu, ndipo ndi ntchito yokhayo imene chinagwira mokhulupirika.

Alamu omwewo atapeza ndalama anagula tayala lolembedwa 4PR m'malo mwa 6PR kapena 8PR, ati enawo ndi onyada. Manambala amenewa amanena za kulimba kwa tayala ndi katundu amene lingasenze. Tsono njinga ya kuno sinyamula munthu mmodzi ngati pa chithunzi cha pa katoni. Imanyamula mwini wake, belo la fodya, thumba la feteleza, ndi mpongozi pamwamba. Patatha masabata atatu, tayala lija linatulutsa chotupa pambali ngati lili ndi pakati. Makaniko atachisisita anati, "Zabwino zonse, alamu. Koma lichira lokha panjira, azamba palibe."

Pomanga latsopano, makaniko anawaonetsa kamuvi kojambulidwa pambali, kosonyeza kumene tayala liyenera kuzungulira. Alamu anaumirira kuti alimange chotembenuza, ati akatero mizere izitha mochedwa chifukwa izidyeka chobwerera. Anakangana mpaka nsima kuzizira. Makaniko anatopa nati, "Chabwino, ndimanga chotembenuza, koma ku Chinkhoma muzipita chafutambuyo."

Ine ndemwe ndikulemba zonsezi si wochenjera kuposa iwo. Langa lakutsogolo latha mpaka kumaoneka nkhope ukaliyang'ana, ndipo ndakhala ndikudzinamiza kuti lakutsogolo silisenza katundu. Makaniko wandiuza kawiri kuti lakumbuyo likaterereka umatha kudziwongola, koma lakutsogolo likaterereka umapsompsona dothi usanatchule ndi dzina la mayi ako lomwe. Ndamulonjeza kuti ndigula msika wa fodya ukatsegulidwa.

Pakadali pano, mukandiona ndikutsetsereka cha kudambo mvula itagwa, chonde patukani, ndipo dengu la tomato muliike patali.