Kodi Marvin anamulira ndani?

Ndaonera Pulp Fiction katatu tsopano, ndipo katatu konseko ndasangalala. Filimuyi inatuluka mu 1994, anaikonza ndi Quentin Tarantino, ndipo nkhani yake imachitikira ku Los Angeles. Anthu ake pafupifupi onse ndi zigawenga, ogulitsa mankhwala ozunguza bongo ndi aganyu opha anzawo. Ine ndikamva kuti mbava zathyola nyumba m'dera lathu, tulo sindiliona usiku wonse. Nanga bwanji ndimakhala pansi maola awiri ndi theka kuonera anthu oterewa mtima uli m'malo? Kapena inu anzanga alipo anakulongosolerani?

Taonani amuna awiri aja, Vincent ndi Jules, omwe ndi John Travolta ndi Samuel L. Jackson. Avala masuti akuda ndi mataye ngati akulu a mpingo. Ndi m'mamawa, ali m'galimoto, akucheza za dzina limene ku Paris amatchulira hamburger, ndi zoti ku Holland tchipisi amathira mayonezi. Ndi macheza aja timawamva m'minibasi popita kuntchito. Ndipo kuntchito akupitadi, poti bwana wawo Marsellus Wallace wawatuma kukalanda chikwama chake ndi kupha anyamata amene anamuchenjerera. Atafika pakhomo aona kuti afulumira, nkusunthira pambali kudikira kuti nthawi ikwane. Kodi kupha munthu nakonso kuli ndi nthawi yolowera? Ndani amalemba ochedwa? Ndipo munthu wopita kukakhetsa mwazi, nkhani ya tchipisi imatuluka bwanji m'kamwa mwake?

M'nyumbamo Jules apempha mwaulemu kulawa chakudya cha mnyamata wina dzina lake Brett. Alumako, ayamikira kukoma kwake, nkutsitsira ndi Sprite wa mwiniwake yemweyo. Kenako anena pamtima mawu amene akuti ndi Ezekieli 25:17, nkumuwombera. Ine ndinakatsegula Buku Lopatulika. Vesilo ndi lalifupi, ndipo mawu ambiri a Jules mulibemo, kumapeto kokha ndiko kukufananako. Enawo anawatenga kuti? Amafuna kuti Mulungu akhale mboni, kapena kuti mnyamatayo afe ali ndi mantha ochuluka? Nanga inetu, bwanji khutu langa linakoma nawo ulaliki umenewu?

Za chikwamacho sindichedwapo. Nambala yotsegulira ndi 666, chikatsegulidwa m'kati mumawala ngati golide, koma satiwonetsa chimene chilimo. Anthu afera chiyani tsono?

Pamene pandisowetsa mtendere ndi pa Marvin. Mnyamatayu wakhala pampando wakumbuyo m'galimoto limodzi ndi Vincent ndi Jules, sanalakwire aliyense mwa awiriwa. Vincent atembenuka kuti amufunse maganizo ake, mfuti ili m'manja, ndipo mfutiyo ingolira mwangozi. Galasi lakumbuyo lonse psuu, magazi okhaokha. Ndipo ine ndinaseka. Ndinasekadi kuchokera m'mimba, mpaka ndinaika kapu ya tiyi pansi. Awiriwo ayamba kukalipirana ngati ana amene aswa mtsuko, wina akuti galimoto yagunda bampu, mnzake akukana. Athawira kunyumba kwa Jimmie, yemwe ndi Tarantino mwiniwake, ndipo nkhawa ya Jimmie ndi yakuti mkazi wake Bonnie, namwino, watsala pang'ono kufika kuchokera kuntchito ya usiku. Kenako kubwera Harvey Keitel ngati Winston Wolf, katswiri wofufuta milandu, atavala zapaphwando. Amwa khofi, ayamikira khofiyo, alamula kuti mipando aikute ndi mabulangete. Zigawenga ziwiri zija azivula panja, azithira madzi a m'paipi, nkuziveka makabudula ndi masikipa obwereka. Ndinasekanso. Koma ndinkaseka chiyani kwenikweni? Imfayo? Kupusa kwa Vincent? Kapena zoti anthu oopsa chonchi akunjenjemera ndi mkazi wa mnzawo? Mtembo ukanakhala wa munthu amene ndimamudziwa, mano anga akanaoneka?

Akatswiri anaikonda filimuyi. Ku Cannes, ku France, inalandira mphotho yaikulu ya Palme d'Or mu 1994, oweruza akutsogozedwa ndi Clint Eastwood. Tarantino ndi Roger Avary analandiranso Oscar chifukwa cha kalembedwe ka nkhaniyi. Amayamikira kwambiri zoti nkhaniyo sinayende motsatana. Vincent amawomberedwa ndi wankhonya Butch, yemwe ndi Bruce Willis, akutuluka m'chimbudzi. Chakumapeto kwa filimu tikumuonanso wamoyo, akudya chakudya cham'mawa mu lesitilanti. Ndinakondwa kumuonanso, ngakhale ndinkadziwa kuti kutsogoloku imfa ikumudikira. Kodi luso limeneli ndi lotithandiza kumvetsa imfa, kapena lotithandiza kuiiwala? Oweruza aja nawonso anaseka pa Marvin? Ataseka, anafunsana chifukwa chake, kapena anangowomba m'manja?

Jules yekha ndiye amaima nkuganiza. Munthu wina atawawombera ali pafupi zipolopolo zonse nkuwaphonya, iye akuti ndi dzanja la Mulungu ndipo ntchitoyi aisiya. Vincent akuti zangochitika. Wosiyayo apulumuka, wopitirizayo afa. Koma ngati linali dzanja la Mulungu, bwanji linatchinga opha anthu awiri, patangopita kanthawi osatchinga mnyamata wa pampando wakumbuyo?

Kwathu kuno pakagwa maliro timaika masamba pamsewu, wapanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, ndipo achibale amagona pasiwa. Marvin anamuponya m'buti, galimotoyo nkukaisiya kumalo kophwanyirako magalimoto akutha, anthu nkupita kukadya. Filimu sinamutchulenso, ndipo ulendo woyamba inenso sindinamukumbukire mpaka mawa lake. Anali ndi mayi? Uthenga anakawapatsa ndani? Ndikadzaiyikanso kachinayi, poti ndidzaiyikadi, pofika pagalasi lakumbuyo lija ndidzasekanso?