Ndinaona nthenga zakuda, ndinati ndi Mikolongwe

Chaka cha 2018 nyanja ya Chilwa itaphwa, mabwato pa doko la Kachulu anangotsala pamatope ong'aluka, ndipo ife odalira matemba ndi milamba tinasowa pogwira. Akuluakulu ankatilimbitsa mtima kuti zinachitikanso mu 1968 ndi mu 1995, madzi anabwerera. Koma pakhomo pankafunika sopo ndi mchere tsiku lomwelo. Ndinaganiza zoweta nkhuku zoikira mazira, ndipo mlandu umene ndikuulula pano unayambira pamenepo.

Nkhuku imene ndinkaifuna ndi ija timaitcha Mikolongwe, ya mtundu wa Black Australorp wochokera ku Australia. Boma linayamba kuzifalitsa m'midzi m'zaka za m'ma 1950 kuti zizikwerana ndi nkhuku zathu zachikuda, mazira ndi nyama zichuluke. Zakhala zikuchokera ku famu ya boma ya Mikolongwe ku Chiradzulu, komanso ku Bwemba ku Lilongwe ndi ku Choma ku Mzuzu, ndipo alimi amazilandira zitakwana masabata 6. Zonsezi ndinazimva madzi atafika kale m'khosi. Nthawi imeneyo ndinkadziwa chinthu chimodzi chokha, chakuti Mikolongwe imakhala yakuda.

Ndalama ndinalibe, koma pakhomo panali nkhuku za amayi anga: mathadzi a kameta opanda nthenga m'khosi, kansilanga wa nthenga zotembenukira kumwamba, ndi simboti wa miyendo yaifupi. Ndinawanyengerera kuti tigulitse zonse.

"Mwanawe, nkhuku zimenezi ndi zimene zakulera," anatero. "Kameta uyu akakhalira mazira sasiya ndi limodzi lomwe."

Ndinawauza kuti zimenezo ndi zachikale. Anavomera chifukwa ndine mwana wawo, osati chifukwa chokhutira.

Tsiku la msika pa Jali ndinapeza mnyamata ali ndi dengu la anapiye pakaliyala ya njinga. Anali ongoyamba kumera nthenga, onse akuda bii. "Achimwene, izi ndi Mikolongwe zenizeni, misoti yokhayokha," anatero. Ndinawerenga anapiye 20, n'kupereka ndalama yonse ya nkhuku za amayi. Sindinafunse kumene anaswedwa, sindinatembenuze ngakhale mwendo umodzi.

Ndinawasamala ndi mtima wonse. Madeya a chimanga ndi a mpunga sankasowa, ndipo poti nyanja inali youma, zinyenyeswa za usipa ndinkachita kugula. Komabe kakulidwe kake kanali kosiyanasiyana. Ena anayamba kutulutsa nthenga zofiira m'khosi, wina anamera tsumba pamutu, angapo miyendo inkaoneka yachikasu. Mkazi wanga anandifunsa kuti, "Kodi bambo, Mikolongwe imakhala ndi tsumba?" Ndinamuyankha mokalipa kuti zisintha zikakula. Mumtima ndinali nditayamba kale kuopa, koma kuvomera pamaso pa amayi kunandilemera. Kenaka m'bandakucha wina m'khola munamveka kulira kwa tambala wophunzira, mawa lake awiri, mpaka zinadziwika kuti oposa theka la "misoti" ija ndi atambala.

Amene anandimasula anali alangizi a ziweto, atabwera m'mudzi ndi katemera wa chitopa wa I-2, uja amadontheza dontho limodzi m'diso miyezi 4 iliyonse. Poti katemerayu amafuna kugwira nkhuku imodziimodzi, zanga zonse zinadutsa m'manja mwawo.

"Bambo, munazitenga kuti zimenezi?"

"Pa msika, alangizi. Ndi Mikolongwe."

Sanandiseke. Anagwira imodzi, n'kuigadamitsa, n'kundionetsa kuphazi. Anati Mikolongwe yeniyeni miyendo yake imakhala yakuda kapena yotuwa moderako, koma kunsi kwa phazi kumakhala koyera. Ukaona chikasu, dziwa kuti muli magazi ena. Diso lake ndi lakuda, osati lofiirira ngati la nkhuku zambiri zam'mudzi. Lipombo limakhala limodzi, loimirira, lofiira, la mano ngati sowo. Nthenga ukaziika padzuwa zimanyezimira mobiriwira, ndipo sizisakanikira ndi zofiira kapena zoyera. Thupi ndi lalikulu, lachifuwa chodzadza. Chimene chinandipweteka koposa ndi chakuti mwanapiye wa Mikolongwe pobadwa sakhala wakuda thupi lonse: pachifuwa ndi pamimba pamakhala poyera, kuderako kumamaliza akamakula. Kuda kwa bii kumene kunandikopa kunalibe umboni uliwonse.

Za atambala anati zikanatheka kuzidziwa ndikanadikira. Pa masabata 6 kapena kupitirirapo pang'ono, lipombo la tambala limayamba kukula ndi kufiira, la msoti likadali laling'ono ndi lotumbuluka. Miyendo ya tambala imanenepa msanga, ndipo pakapita miyezi nthenga za m'khosi ndi zapamsana zimatuluka zosongoka. Munthu wokuuza kuti anapiye a masabata atatu ndi misoti yokhayokha, akungoyerekeza kapena akukunamiza. Anawonjezera, ndipo ndikuona kuti ananena zoona, kuti pambuyo pa zaka zambiri za kukwerana, nkhuku zakuda za m'midzi mwathu zambiri zili ndi kachigawo ka Mikolongwe, choncho ngakhale katswiri sangalumbire poona mwanapiye yekha. Chodalirika ndi kudziwa kumene anaswedwa ndi kuona makolo ake.

Nkhuku zangazo sizinali zoipa. Zinali zachikuda zosakanizika, zolimba, zodzifunira chakudya. Misoti yochepa ija inaikira mazira khumi ndi angapo, n'kuyamba kukhalira monga mwa chikhalidwe chake, basi malonda a mazira amene ndinkalota anathera pomwepo. Atambala ndinawagulitsa pamtengo wosabweza n'chakudya chomwe anadya.

Chimene sichindichoka mumtima ndi nkhuku za amayi. Kameta sanama: khosi lake limaoneka tsiku lomwe waswedwa, ndipo kusowa nthenga kumeneko kumamuthandiza kupirira kutentha kwa chigwa chino mwezi wa Okutobala. Kansilanga naye amadziwika nthenga zikangomera. Amayi ankadziwa thadzi lililonse, mayi wake ndi agogo ake, lomwe limalera bwino ndi lomwe limathamangitsa mphamba. Ine ndinagulitsa mbewu yodziwika imene anaisunga zaka zambiri, n'kugula yosadziwika. Sanandidzudzule ngakhale tsiku limodzi. Ndinawagulira thadzi lina la kameta kwa anansi, koma si la mbewu yawo ija.

Inu anzanga a ku Kachulu, a pa chilumba cha Chisi ndi midzi yonse ya kwa Mwambo, mukafuna Mikolongwe yambirani kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu, akuuzeni kopeza. Mukakumana ndi dengu la anapiye akuda pamsika, tembenuzani phazi, yang'anani diso, funsani kumene anaswedwa. Wogulitsa akayamba kuzungulira, bwezani ndalama m'thumba.