Galimoto ya mwini danga lino yagonanso ku Ndirande

Mwini danga lino ali ndi galimoto. Mapepala ake ali m'dzina lake ndithu, koma aneba ku Chilobwe amamuona m'mawa uliwonse akulimbirana mpando wa minibasi ndi ana asukulu, makiyi ali lende palamba. Galimotoyo mwezi uno ikugona ku Ndirande, pansi pa mtengo wa mango, kutsogolo kwake kutakhalira njerwa.

Mtundu wake sautchula, kuopa kuchititsa manyazi abale ake amene akuyenda bwinobwino m'misewumu. Chodziwika n'chakuti inabadwira ku Japan mu 2004 ndipo inayamba yakalamba kaye komweko. Kwawoko galimoto yatsopano imakayezedwa ikatha zaka 3, kenako pakapita zaka 2 zilizonse, ndipo kuyezako, kumene eni ake amati shaken, kumadya ndalama moti ambiri amangogulitsa n'kugula ina. Zogulitsidwazo ndi zimene zimakwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, kulowera pa Songwe n'kudzadzaza misewu yathu: ma Vitz, ma Passo, ma Sienta, ma Probox. Poti Ajapani amayenda kumanzere ngati ife, chiwongolero chimabwera chili mbali yoyenera.

Mnzathuyu ndi mwini wake wachinayi. Wogulitsa analumbira kuti ankaiyendetsa ndi mayi wina wachikulire, Lamulungu lokha popita kutchalitchi. Poona makilomita amene inali itayenda, tchalitchicho chiyenera kuti chinali ku Chitipa.

Tsiku loyamba atangopotokola kiyi, munamveka mawu a mzimayi akulankhula Chijapani mwaulemu kwambiri. Mayi a kunyumba anatembenuka pang'onopang'ono.

"Bambo a Chisomo, ameneyu ndiye ndani?"

Banja linapulumuka chifukwa cha mphwake wina wodziwa za intaneti, amene anafotokoza kuti ndi kamakina kofunsa khadi lolipirira misewu ya ku Japan. Wailesi nayo inakana kupitirira pa 90, chifukwa za kumeneko za nthawi imeneyo zinkayambira pa 76 n'kuthera pomwepo, pamene nyumba zambiri zoulutsira mawu za kuno zili pamwamba pake.

Oyamba kugonja anali mashoka. Galimoto inapangidwira phula losalala, yokhala pansi ngati fulu, ndiye inakumana ndi msewu wa kwawo kwa mnzathuyu mvula ya Januwale itaulima. Inatsatira radiyeta, imene inawira pa Zalewa ngati mphika wa nyemba. Lamba wa mu injini, uja opanga galimoto amati azisinthidwa ikayenda makilomita pafupifupi 100,000, anaduka pamzere wa pa Chingeni, pamene boma linayamba kulipiritsa msewu mu 2021. Mwini danga lino analipira, anamutsegulira, ndipo anadutsa wapansi akukankha, lisiti lili kukamwa.

Kuyambira pamenepo anapeza mbale watsopano, makaniko wa pansi pa mango uja. Iyeyu sayeza ndi kompyuta. Amatsamiritsa khutu pa boneti, kutsinzina, n'kunena mawu omwewo nthawi zonse: "Abwana, iyi ndi nkhani yaing'ono." Nkhani yaing'ono imatha masabata awiri. Akamaliza kumanga pamatsala mabawuti atatu kapena anayi pachiguduli, ndipo mukafunsa amati Ajapani amangoononga zitsulo.

Masipeya ali m'magulu atatu. Pali enieni, amene mnzathuyu amangofunsa mtengo wake n'kuthokoza. Pali otchipa, onyezimira bwino m'katoni, amene amakhala moyo kuyambira malipiro ano mpaka malipiro otsatira. Ndiye pali a kaunjika, ochotsedwa ku galimoto zimene zinachita ngozi. Ake ambiri ndi a gulu lachitatuli, kotero kuti m'galimoto imodzi mukuyenda mitembo ya galimoto zingapo, ndipo chitseko chakumbuyo n'chofiira pamene thupi lonse n'lotuwa.

Zonsezi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi madola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wogulitsa masipeya anaimva nkhaniyo msanga kuposa atolankhani. Sitata imene inali pashelefu zaka zambiri, fumbi lili mbuu, inadzuka m'mawa itakwera mtengo ngati yangotsika m'ndege. Pamwamba pa izo pali inshuwalansi ndi COF, zimene zimabwera chaka ndi chaka osafunsa ngati galimotoyo yayendako kapena yangokhalira njerwa.

Nthawi yokhayo imene anayenda mutu uli m'mwamba inali ya mizere ya mafuta mu 2022. Galimoto za mabwana zinagona pamalo omwetsera mafuta, yake inagonanso pomwepo, ndipo palibe anadziwa kuti yakeyo vuto silinali petulo.

Kumudzi nkhani inafika yoti mwana wawo walemera. Maliro akagwa, foni yoyamba imalira ndi yake. Ulendo wina, atanyamula apongozi kuchokera ku chinkhoswe, batire linafa pamsika. Apongoziwo, bambo olemekezeka, mkulu wa mpingo, anavula jekete n'kukankha mpaka thukuta kamukamu, iye ali pachiwongolero akufuula kuti, "Pang'ono pokha, bambo!" Mnyamata wa kabaza ndiye anasuzumira pawindo n'kunena kuti galimoto ya otomatiki sidzuka ndi kukankha. Apongoziwo anavala jekete lawo osalankhula kanthu, ndipo mpaka lero akabwera m'tauni amakwera basi.

Mayi a kunyumba ali ndi kope limene amalembamo ndalama iliyonse yopita pansi pa mango, kuphatikizapo ngongole ziwiri za ku banki m'khonde zimene anatenga m'dzina la bizinesi ya mandasi. Mwezi watha anaphatikiza zonse pamaso pa ana, ndipo zinapezeka kuti zokonzetsera zaposa kale mtengo umene anagulira galimotoyo. Anati igulitsidwe. Mwini danga lino anakana kwamtuwagalu: munthu angagulitse bwanji galimoto imene zonse n'zatsopano, kupatula injini, giyabokosi, matayala ndi mipando?

Makaniko walonjeza kuti ituluka Lachisanu, ngakhale sananene Lachisanu la mwezi uti. Awerengi okondedwa, mukadzaona galimoto yotuwa ya chitseko chimodzi chofiira itaima pa Chichiri boneti ili yasaa, musavutike n'kukankha. Ingoimani mum'bwereke batire mwini wakeyo, mawaya amayenda nawo.