Khalani pansi, a Injiniya, agogo alankhule

Zimitsani kaye foniyo, amunanga, ndipo muzule tizingwe tam'makututo. Ndamva kuti anzanu ayamba kale kukuitanani kuti a Injiniya, chonsecho pachipata cha koleji simunapondepo. Zikomo kwambiri, a Injiniya. Khalani pamphasapo, mpando ndi wa anthu amene ali ndi mapepala.

Tiyambe ndi fomu ija. A TEVETA atalengeza kuti akulemba ophunzira atsopano a ntchito zamanja, anamva ndine, nkhalamba ya wailesi yomanga ndi mphira. Inu amene mumagona ndi intaneti pamtsamiro simunamve kanthu. Nditakuuzani munati, "Ndiziona, agogo." Munaziona dzuwa la tsiku lotsekera litapendeka, mukuthamanga ndi satifiketi ya MSCE m'manja kusaka kochititsa fotokope, magetsi atazima. Chiphaso cha unzika, chimene boma linatijambulira tonse mu 2017, changa chili m'chikwama cha Baibulo mpaka lero. Chanu tinachipeza m'thumba la buluku lonyikidwa m'beseni.

Nanga dzina? Pafomu amalemba dzina monga liliri pachiphaso ndi pasatifiketi, chilembo ndi chilembo, chifukwa kalaliki wa kumeneko sakudziwani ndipo sadziwa kuti munthu wa mayina atatu osiyana ndi mmodzi yemweyo. Inu munatsala pang'ono kulembapo lija la pa Facebook. Nambala ya foni munalemba ya simu imene munaitaya pa Khirisimasi. Kapepala ka kubanki, umboni wokhawo wakuti ndalama yolembetsera inaperekedwa, munakulungira mtedza. Ndalama yakeyo inali ya nkhuku yanga yoikira.

Posankha ntchito ndiye munandiseketsa. Pali zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, kusoka, za mipope, kukonza njinga zamoto. Njinga zamoto za kabaza zadzaza msewu wonse ndipo zimafa tsiku ndi tsiku, koma inu munasankha zamagetsi chifukwa ati wamagetsi sada m'manja. Msuweni wanu, mwana wamkazi, anasankha zowotcherera osafunsa kuti anthu ati chiyani, ndipo fomu yake inali itapita inu mukadali kumeta tsitsi la m'mbali. Komabe mwayi sudziwa ulesi: mayina atatuluka, lanu linalipo. Ndinalulutira, sindikana. Ndinu amunanga, ndikanatani?

Koma mudziwe chimene mwapatsidwa. Kale koleji ya ntchito zamanja inali nkhani ya kutali: Soche ku Blantyre, Lilongwe, Namitete, Salima, Nasawa ku Zomba, Mzuzu, Livingstonia. Malo anali ochepa, ofuna ambirimbiri. Malemu agogo anu aamuna anaphunzira ukalipentala posenzera mmisiri wina bokosi la zipangizo, malipiro ake nsima ya masana, ndipo ankaloledwa kugwira sowo pokhapokha mwiniwake akapita kumaliro. Anamwalira akudziwa kupanga chitseko chosalira, koma opanda pepala lonena kuti amadziwa. Ndi mu 2015 muja pamene a Peter Mutharika anakatsegulira makoleji a m'madera ku Ngara, m'boma la Karonga, cholinga chili chakuti boma lililonse likhale ndi yakeyake. Lero tikumva za Mponela ku Dowa, Chongoni ku Dedza, Naminjiwa ku Phalombe, Aida Chilembwe ku Chiradzulu. Ndipo TEVETA yomwe mukuitchula ngati dzina la mnzanu wa mpira inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999. Olemba anthu ntchito amasonkha kwacha imodzi pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro a antchito awo kuti ana ngati inu muphunzire. Anthu osakudziwani akukusonkherani, a Injiniya, inu muli chigonere.

Tsopano chandikhazika pano ndi chimene ndamva dzulo mukuuza mnzanu kuseri kwa nkhokwe. Ati masiku oyamba aja, olandira ophunzira atsopano, n'ngotaya nthawi. Ati mudzapita "zenizeni zikayamba". Ha! Namwali amathawa chilangizo n'kumati adzafika pa tsiku la ukwati? Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.

Zenizenizo ndiye zimenezo. Tsiku lofika amaona mapepala anu enieni, osati fotokope, n'kukulembani m'kaundula. Wosaoneka, malo ake pali wina amene akuwadikira ndi maso ofiira. Kenako mkulu wa koleji amakuonetsani alangizi anu ndi malamulo a pamalopo: nthawi yolowa, za fizi ndi masiku ake, kokadandaula wina akakuvutitsani, makamaka ana aakazi, amene amuna ena opanda manyazi amawayesa ndiwo. Amakulowetsani m'nyumba yogwirira ntchito n'kukuuzani kuti muno salowa ndi patapata. Muno ndi ovolo ndi nsapato zolimba kutsogolo. Amakulozerani pozimitsira magetsi onse zinthu zikavuta, pokhala chozimitsira moto, pokhala kabokosi ka mankhwala, ndi mmene chipangizo chimabwerekedwera n'kubwezedwa posayinira. Inu amene mwasankha zamagetsi ndiye mukufuna kujomba tsiku limene akunena waya wopha ndi wosapha? Magetsi safunsa kuti ndinu mdzukulu wa yani. Ine ndilibe nsalu yakuda yatsopano, ndipo sindigula.

Kumenekonso n'komwe amafotokoza za mayeso. Si zija za kusekondale zoloweza usiku woti mawa lake ndi mayeso ayi. Kuno gawo lililonse amakuyesani ndi manja, mlangizi ataima pambali: lumikiza tione, yatsa tione. Mukalephera mumabwereza mpaka chitheke. Amanenanso za nthawi imene mudzatumizidwe kukagwira ntchito kwa amisiri ndi kumakampani, kumene ulemu ndi kufika m'mawa zimalembetsa munthu ntchito msanga kuposa malikisi. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Anzanu akadzakhala akudziwana mayina, atapezana ogona nawo nyumba ya lendi ndi ophika nawo, inu mudzafika ngati mlendo, kufunsa mlonda kuti chimbudzi chili kuti.

Ndiye mverani. Lolemba tambala woyamba akalira, ndikugogodani ndi ndodo iyi. Mapepala onse alowe mu envulopu usiku wa Lamulungu, envulopuyo igone kwa ine. Buluku likhale m'chiuno, pamene Mulungu anaika chiuno. Mukakhale kutsogolo, mukafunse mafunso, ndipo mlangizi akalowa mukaimirire. Kope ndi cholembera mutenge, foni si kope. Ndalama ya minibasi ndamanga pakansalu aka, yopita ndi yobwerera. Chenji ndikuchifuna, ndipo mtengo wa ulendowo ndafunsa kale kwa kondakitala.