Big, Bigger, Alandilodi

Pa mdadada wathu ku Ndirande pali zitseko 6, mpopi umodzi, bafa limodzi ndi chingwe chimodzi choyanikapo zovala. Chingwecho ndiye nyuzipepala yathu. Ukafuna kudziwa amene walandira malipiro, amene yamupanikiza ngongole ya banki mkhonde, amene apongozi amufikira kuchokera kumudzi, sufunsa munthu ayi, umangoyang'ana zomwe zayanikidwa Loweruka m'mawa. Takhala choncho zaka zambiri, kuyezana ndi maso, pakamwa pali chete, moni tikupatsana bwinobwino. Mtendere umenewu unasokonekera Lachitatu lapitali, ndipo anausokoneza ndi mwana wa Sitandade 6.

Mwanayo ndi wa achemwali anga, ndikumusunga kuti aphunzire m'tauni muno. Anafika ataweruka kusukulu, kope lili pachifuwa, n'kunena kuti aphunzitsi apereka homuweki: aliyense alembe ziganizo 10 za Chingerezi zoyerekeza anthu kapena zinthu za kumene amakhala. Mutu wake anautchula lilime likupunthwa: comparative and superlative adjectives.

"Ankolo, mundithandize."

Ine pa MSCE Chingerezi ndinapeza 8. Amene anadutsako akudziwa kuti 8 ndi kukhoza kotsamira khoma, chifukwa 9 ndiye dzenje, ndipo wagwera m'dzenje pa Chingerezi satifiketi saiona ngakhale masamu atawang'amba chotani. Komabe pamaso pa mwana malume sanena kuti sadziwa. Ndinakhosomola, n'kukhala pansi.

Ndinayamba ndi kumukumbutsa kuti ife m'Chichewa nkhani imeneyi sitiivutikira. Mfotokozi wathu sasintha zovala. Wamtali ndi wamtali basi. Ukafuna kumuimika pafupi ndi mnzake umangoitana liwu limodzi, kuposa, ntchito yatha: wamtali kuposa uyu, wamtali kuposa onse. Ukafuna kukometsera umati wotalikirapo, kapena umangokoka mawu mpaka mpweya uthe, wamtaliiii, womvayo adziwiratu kuti munthuyo akagona mapazi amatulukira kunja kwa bulangete.

Azungu zawo n'zina. Mawu aafupi amasenza okha katundu kumbuyo ngati njinga ya kabaza: tall, taller, tallest. Ena akasenza amafufuma, big amasanduka bigger, ma g awiri. Happy amataya y n'kutola i. Koma mawu aataliatali, a beautiful ndi a expensive, amenewo ndi mabwana, sanyamula kanthu. Amayenda ndi mnyamata patsogolo wowagwirira chikwama, more kapena most. Ndiye pali banja lija aneba amalinong'ona: bambo ndi good, mwana woyamba better, wachiwiri best, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatengako mphuno ya bambo ake. Kwa a bad nakonso ana ndi worse ndi worst. Mwanayo anafunsa kuti zinakhala bwanji. Ndinamuuza kuti za m'banja la eni safunsa.

Kenako ndinamupatsa zitsanzo zopanda mlandu. Phiri la Mulanje, nsonga yake ya Sapitwa ndi mamita 3,002, ndiye the highest m'Malawi muno, koma Kilimanjaro ndi higher, 5,895. Shire ndi the longest mwa mitsinje yathu. Lilongwe ndi bigger kuposa Blantyre, ngakhale ife a kuno timanena zimenezi mano titakukuta.

Anandiyang'ana. "Koma ankolo, ku Mulanje sitikhalako. Amadamu anati za kumene timakhala."

"Ndiye lemba za kumene timakhala," ndinatero, n'kunyamuka kupita ku bawo. Apa ndi pamene ndinalakwitsa.

Mwana wa pulayimale salemba chamumtima. Chiganizo amayamba wachifuula kawiri, n'kuchilemba, n'kuchifuulanso kuti amve ngati chakhala. Anakhala pakhonde, mamita atatu kuchokera pampopi, nthawi ya 4 koloko madzulo pamene mdadada wonse umakhala pamzere ndi zidebe. Pochokera ku bawo ndinapeza madzi akusefukira m'chidebe, palibe wotseka mpopi.

Chiganizo choyamba chinali chakuti chitseko chathu ndi older than my uncle. Chimenecho anthu anaseka, chifukwa n'zoona ndipo wolakwa ndi alandilodi. Chachiwiri: The mandasi at door number three are smaller than the mandasi at the road. Mayi a pachitseko chachitatu Chingerezi anachisiyira Sitandade 4, koma mandasi anamva, three anamva, ndipo smaller anachita kuwamasulira mwaulere mnzawo wa pachitseko chachisanu, uja amagulitsa kaunjika. Anawamasulira mokondwa, ndi manja omwe, kusonyeza kukula kwa ndasi ndi zala ziwiri. Sanadziwe kuti chiganizo chachitatu n'chawo: Auntie at door number five is lighter this year than last year.

"Lighter ndiye kuti chiyani, aneba?" anafunsa a mandasi.

"Kupepuka. Akuti ndaonda."

Apa ndi pamene madala a pachitseko choyamba analowerera. Madalawa anali kalaliki m'boma, anapuma kalekale, koma mpaka lero tomato amakagula atamanga tayi. Ananena modekha kuti light ali ndi matanthauzo awiri, kupepuka ndi kuyera khungu, ndipo poona kuti mayiwo sikelo sinawasinthe koma nkhope inawatsogola n'kusiya zigongono m'mbuyo, mwanayo ayenera kuti amanena lachiwirilo. A mandasi anaseka mpaka kugwira chipupa. Anati iwo mafuta awo amathira m'chiwaya.

Musaganize kuti mwanayu anabweretsa chachilendo. Ife a m'tauni kuyerekeza ndiye chakudya chathu, kungoti timadya chobisa. Yendani mumsewu uliwonse, mupeza ometa atatu moyandikana, aliyense analemba pakhoma kuti ndi the best in town, ndipo magetsi akazima onse atatu amakhala panja kusewera bawo limodzi. Palibe amene analembapo kuti ndi wometa wabwino basi. Matimu athu akuluakulu a mu Blantyre muno, ina ndi Big Bullets, ina ndi Mighty Wanderers, mfotokozi ali m'dzina momwemo kuti mkangano uyambe mpira usanayambe. Kutchalitchi m'busa wa chaka chatha chaka chino ndi senior, chaka chamawa adzafuna mawu ena oika patsogolo pa senior. Pa perekaniperekani wa ukwati, mkulu wa pa maikolofoni ntchito yake ndi comparative yeniyeni: akuchimuna mwaposedwatu, akuchikazi akuti inu ndi aang'ono, mpaka munthu amaponya ndalama ya minibasi n'kubwerera kwawo wapansi. Ngakhale pamaliro, akamawerenga zipepeso mmodzimmodzi, anthu amakhala atazyolika ngati akulira, koma makutu ali tcheru kuwerengetsera kuti wa kuntchito ndi wa kumpingo wapambana ndani. Zonsezi timachita popanda -er ndi -est. Chimene sitichita n'kuzilemba m'kope ndi bolopeni.

Achimwene a pachitseko chachinayi anabwera chaka chatha kuchokera ku Joni, ndipo sitiloledwa kuiwala zimenezo. Anatuluka atavala jekete yachikopa, dzuwa lili phwee, n'kulanda kopelo kuti aone. Anati Chingerezi cha mwanayu n'chabwino koma chikhoza kukhala more better.

Madala anagwira pamtima.

"Mwati chiyani, mwana wanga?"

"More better, madala. Ku Johannesburg aliyense amatero."

"Aliyense akavala zipewa ziwiri mutu umodzi, inunso muvala? Better wasenza kale katundu wake. More mukumuitaniranji?"

Anayamba kutikumbutsa za nthawi yawo, pamene mwana akagwidwa akulankhula Chichewa pasukulu ankamupachika kathabwa m'khosi mpaka naye atagwira mnzake, ndipo womaliza nako ankazula chitsa. Anati m'masiku amenewo more better inali ndodo zitatu. Achimwene a ku Joni anayankha kuti iwo Chingerezi anachilankhula ndi azungu enieni, osati cha m'buku, choncho pankhaniyi iwo ndi more senior than madala. Madala anatseka maso ngati alumidwa ndi dzino. Anati pamenepo zalakwika ziwiri: senior safuna than, amafuna to, pakuti ndi mawu a Chilatini omwe anabwera atayerekeza kale, pamodzi ndi junior ndi superior, ndipo si pachabe Kamuzu anaika Chilatini pa sukulu yake ya ku Mtunthama ija anatsegula mu 1981. Cholakwika chachiwiri sanachitchule, anangoloza imvi zawo.

Ndiye anaphunzitsa lamulo lomwe ine ndinaliiwala. Comparative ndi ya zinthu ziwiri. Superlative imafuna zitatu kapena kuposerapo. Kuti timve, anapereka chitsanzo: mwamuna wa mitala ya akazi awiri sanganene kuti uyu ndi the best, anganene kuti ndi the better basi. The best amanena amene ali ndi atatu.

Pampopi panangoti zii. Mayi a pachitseko chachinayi anaika chidebe pansi pang'onopang'ono.

"Bambo a mwana, pa Valentine munandilembera chiyani pa WhatsApp paja?"

Achimwene a ku Joni anati madala akusokoneza zinthu, Chingerezi cha ku Joni chimayenda mwina. Anabweza kope msangamsanga osawerenga chiganizo chachinayi, chomwe chinali chawo: The uncle from Joni has the biggest speaker and the smallest pot. Mwanayo anawawerengera yekha mokweza, poganiza kuti sanachione.

Phokoso linafika kunyumba yaikulu ya kutsogolo. Mayi landilodi anatulukira, chitenje chili m'chiuno, mdzukulu wawo wa Fomu 2 akuwatsatira ngati womasulira wa pamsonkhano wa chitsitsimutso. Ine apa n'kuti ndikuganiza zoti katundu wanga angakwane pa ngolo imodzi kapena ziwiri, chifukwa ndinali nditasuzumira kale ziganizo zotsalazo.

The landlady's dog is fatter than my uncle. Mdzukulu anamasulira. Mayiwo anandiyang'ana, n'kuyang'ana galu, n'kugwedeza mutu kuvomereza. The landlady is the loudest person on the first day of the month. Anati ameneyo ndi mwana wanzeru, amaona zinthu, ndipo anthu akanamalipira pa nthawi yake iwo akanakhala the chete-est. The landlady has the biggest house on our plot. Apa anamwetulira mpaka dzino lagolide linaoneka, n'kuuza mdzukulu kuti abwerezenso. Ndinayamba kupuma.

Chiganizo cha 10 chinali chopanda munthu aliyense wa pa mdadada wathu. The house behind the fence is more beautiful than our landlady's house.

Mdzukulu anazengereza. Mayiwo anati masulira. Anamasulira chapansipansi.

Nyumba ya kuseri kwa mpanda ndi ya mayi ena amene anayamba kugulitsa makala limodzi ndi alandilodi athu kalekale, ndipo amakhala benchi imodzi ku mvano. Chaka chino mwana wawo wa ku UK anawapakira penti ya pinki n'kuwaikira matailosi pakhonde. Nkhani imeneyi pa mdadada wathu sitchulidwa. Mayi landilodi anakhala chete nthawi yaitali ndithu. Kenako anafunsa madala kuti more beautiful akapitirira amafika pati.

"Most beautiful, mayi."

"Chabwino."

Anatembenuka, galu pambuyo.

M'mawa mwake mandasi a pachitseko chachitatu anakulako pang'ono, sindinama. Sipika ya ku Joni sinalire usiku wonse, ngakhale mawu ena ankamveka m'nyumbamo mpaka 11 koloko. Loweruka kunabwera mnyamata ndi makwerero ndi zitini za penti, n'kuyamba kupaka nyumba yaikulu, yokhayo, mtundu wa orenji woti ukauyang'ana masana maso amatuluka misozi. Madzulo ake pa chitseko chilichonse panalowa kakalata. Mdzukulu uja ndiye analemba, m'Chingerezi, ndipo madala atawerenga anavomereza kuti galamala yake ilibe banga: kuyambira mwezi wamawa lendi ikhala higher ndi K10,000.

Kope linabwerako Lolemba. Mwana anapeza 9 pa 10. Amadamu anamudula malikisi amodzi chifukwa fatter analemba ndi t mmodzi, ndipo pambali pa chiganizocho, cha ine ndi galu, anachikonza ndi bolopeni yofiira n'kumuuza kuti achilembenso kasanu. Anachilemba pakhonde pomwe paja, mokweza.

Dzulo wabwera ndi homuweki ina. Akuti tsopano ayamba past tense, ndipo aliyense alembe ziganizo 10 za zimene anthu a kumene amakhala anachita usiku wathawu. Achimwene a ku Joni amva, abwera okha kudzagogoda, ali ndi Fanta m'manja, kufunsa ngati mwanayo sangakonde kulemba za phiri la Mulanje.